Mwambo wa ku Mbenje Usungenso Ana

Chaka ndi chaka Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka chilumba cha Mbenje kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Ife tikufunsa: nanga ana athu akuwateteza ndani?

Nzomvetsa chisoni kuona tiana ta zaka zinayi tikuswera padoko ku Senga Bay ndi ku Chipoka, pamene sukulu zamkombaphala, zimene Boma linaziikira ndondomeko mu 2003, zikudalira kwambiri alezi ongodzipereka.

Tikupempha mafumu, aphunzitsi ndi makolo kuti alime minda ya chimanga cha phala, afolere zisakasa, ndiponso aitane agogo adzaphunzitse nthano, zilapi ndi nyimbo m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Mwambo umene wasunga nsomba usungenso ana. Mmera mpoyamba.