MPHERO ZA KU ST ALBANS: UMPHAWI WA MLIMI SUNACOKE KUMWAMBA

Alipo anthu amene akamva za Ulaya wakale amangoona nyumba za malinga, akavalo ndi machalichi atali-atali, nanena kuti imeneyo inali nthawi ya mtendere, pamene munthu aliyense anali kudziwa malo ake. Anthu otere saganiza za amene anali kudyetsa akavalowo ndi kusenza miyala ya machalichiwo. Ameneyo anali mlimi, ndipo malo amene anauzidwa kuti ndi ake sanawasankhe yekha.

M'zaka za m'ma 1020, Bishopu Adalbero wa ku Laon, m'dziko la France, analemba kuti anthu anagawidwa patatu: opemphera, omenya nkhondo ndi ogwira nchito. Ciphunzitso cimeneci cinakomera magulu awiri oyambawo, pakuti onse anali kudya thukuta la gulu lacitatu. Ku England, kaundula wa Domesday, amene Mfumu William analembetsa mu 1086, aonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nthaka linali m'manja mwa mabishopu ndi amonke. Wolalikira kugonjera anali mwini minda yemweyo.

Mlimi womangika pa nthaka ya bwana anali kulima masiku awiri kapena atatu pa sabata m'munda wa bwanayo popanda malipiro, kwinaku munda wake uli kumera udzu. Kusamuka sanali kuloledwa. Mwana wake wamkazi akafuna kukwatiwa, anali kulipira bwana. Iye akamwalira, bwana anali kutenga ciweto cabwino koposa m'khola, ndipo m'midzi yambiri wansembe anali kutenga cotsatira cake. Pa zokolola zonse, limodzi mwa magawo khumi linali la Mpingo.

Ngakhale ufa unali ndi mwini. Pa tauni ya St Albans amonke anaumiriza anthu kupera tirigu pa cigayo cao ndi kulipira. M'zaka za m'ma 1330 mkulu wao, Richard wa ku Wallingford, analanda mphero za m'makomo, naziyala pansi m'cipinda ca amonke kuti zizipondedwa. Kodi ndi lamulo liti la Mulungu limene liletsa mai kupera ufa pakhomo pake?

Ena adzati amonke anali kudyetsa osauka, kusamala odwala ndi kusunga mabuku. Zimenezo nzoona. Koma wotenga dengu lodzala m'nkhokwe ya mnzake, nambwezera cikho cimodzi, sachedwa wopatsa.

Bodza linaululika ndi mliri wa 1348 ndi 1349, umene unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku England, kapena kuposerapo. Anchito atacepa, malipiro anakwera. Malo a mlimi akadakhala oikidwa kumwamba, mabwana sakadacita mantha. Koma mu 1351 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti malipiro abwerere pamene anali mliri usanadze, ndipo okana anaikidwa m'zigologolo. Dongosolo losowa zigologolo kuti liime ndi la anthu, si la Mlengi ai.

Pamwamba pa izi panadza msonkho wa mutu mu 1377, mu 1379 ndi mu 1380. Womalizawo unali sheleni imodzi pa munthu aliyense wopitirira zaka 15, kuwirikiza katatu woyambawo. Mu June 1381 alimi a ku Kent ndi ku Essex analowa mu London, Wat Tyler ali patsogolo. Anafuna kuti ukapolo wa pa nthaka uthe, ndi kuti munda uzilipiridwa mapeni 4 pa eka. Anthuwa sanapandukire Mulungu. Mlaliki wao, John Ball, anali wansembe, ndipo anaphunzitsa kuti onse ndi ana a Adamu ndi Hava, palibe wobadwa bwana. Arkibishopu Simon Sudbury, amene anamdula mutu, analinso nduna yaikulu ya boma limene linaika msonkhowo.

Mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, inavomera madandaulo ao pa Mile End pa 14 June. M'mawa mwake Tyler anaphedwa pa Smithfield, ndipo posacedwa makalata a ufulu anafafanizidwa. Ball ananyongedwa pa St Albans pa 15 July. Koma asanagonjetsedwe, anthu a pa tauniyo anali atazula mphero zija m'cipinda ca amonke, naziphwanya, nagawana zibenthu zake.

Msonkho wa mutu sunabwerenso kwa zaka zoposa 100, ndipo pofika 1500 ukapolo wa pa nthaka unali utazirala pafupifupi m'England monse. Kumwamba sikunasinthe. Anasintha ndi alimi, amene anathawa minda ya mabwana, nakana nchito yaulere, naumirira malipiro. Cotero wotamanda nthawi imeneyo ayambe wanena mbali imene akadakonda kubadwirako: m'cipinda ca amonke, kapena pakhomo pamene mphero inalandidwa.