MAU A MKONZI: Kodi Wogulitsa wa pa Lamya Ali Kuti Kweni-kweni?

Caka ndi caka, alimi akatha kugulitsa cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje, m'midzi mumalowa ndalama, ndipo banja liri lonse limayamba kuganizira cinthu cimene lakhala likulakalaka: malata a nyumba, njinga yamoto, pampu ya sola yothirira dimba, cigayo, kapena feteleza wa nyengo ikudzayo. Kale munthu wofuna zotere anali kukwera basi kupita ku boma, nalowa m'sitolo, naciona cinthuco ndi maso ace, nacigwira ndi manja asanamasule ndalama pa mpango. Lero msika unalowa m'lamya ya m'manja. Mlimi wa ku Vubwi kapena ku Nyimba angathe kuona katundu pa Facebook kapena pa WhatsApp ali khale pansi pa mtengo wa mango, ndi kulipira pa mobile money osacoka pakhomo.

Nyuzipepala ino siidana ndi malonda otere. Alipo amalonda ambiri okhulupirika amene agulitsa pa intaneti, ndipo athandiza anthu a kutali ndi tauni kupulumutsa ndalama za ulendo. Koma tifuna kucenjeza awerengi athu za bodza limodzi limene atambwali a pa lamya amayambira nalo, limenenso mabodza ao ena onse amatsamirapo. Bodza limeneli ndi la malo. Munthu alemba kuti ali ku Chipata pamene ali ku Kitwe, kapena anena kuti ali ndi sitolo ku Kamwala mu Lusaka pamene alibe ngakhale kathebulo kogulitsirapo.

Coyamba cimene tiyenera kumvetsa ndi cakuti dzina la tauni limene lioneka pansi pa cithunzi ca katundu si umboni ai. Pa msika wa Facebook wochedwa Marketplace, umene unayamba m'caka ca 2016, wogulitsa ndiye asankha yekha dzina la malo, ndipo palibe munthu amene amapita kukaona ngati wanena zoona. Angathe kulemba Katete m'mawa, Petauke masana, Lundazi madzulo, iye osasuntha pa mpando. Nambala ya lamya nayonso siithandiza monga kale. Lamya za m'maofesi ndi m'nyumba zimaulula kumene ziri: yoyamba ndi 0211 ndi ya ku Lusaka, yoyamba ndi 0216 ndi ya Cigawo ca Kum'mawa. Koma nambala ya m'manja yoyamba ndi 097, 096 kapena 095 ingotiuza kampani cabe, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel. Siinena mudzi, siinena boma. Ndiponso nambala ya Zambia yoyamba ndi +260 ipitiriza kugwira nchito pa WhatsApp ngakhale mwini wace atadumpha malire.

Nanga cifukwa ninji munthu anama za malo? Pali njira ziwiri, ndipo zonse ziri ndi colinga cimodzi. Njira yoyamba ndi kudziyesa mnansi. Tambwali adziwa kuti munthu wa kwathu timamkhulupirira msanga, popeza mumtima timati akatinamiza tidzampeza. Tsono alemba dzina la boma lathu, nalankhula cinenero cathu, natiitana kuti amalume kapena amai. Koma mukati mubwere mudzaone katunduyo, pomwepo zifukwa ziyamba: lero ali ku maliro, mawa mnyamata wosunga kiyi wacokapo, ndipo alipo wina amene afuna kutenga katunduyo madzulo ano, motero tumizani kangacepe kuti akusungireni.

Njira yaciwiri ndi kudziika kutali dala. Uyu anena kuti ali ku Nakonde pa malire a Tanzania, kapena ku Dar es Salaam, kapena ku Johannesburg, malo amene anthu adziwa kuti kumacokera katundu wochipa. Kutalikako kumthandiza pawiri. Kumasulira cifukwa cace mtengo uli pansi cotere, ndiponso kumpatsa njira yopemphera ndalama pang'ono pang'ono: lero za katundu, mawa za galimoto, mkuja za msonkho pa cipata ca malire, kenaka za wapolisi amene akuti waimitsa galimoto pa mlatho wa Luangwa. Munthu amene watumiza kale kawiri amabvutika kuleka, kaamba koopa kutaya zoyambazo, ndipo atumizanso kacitatu. Wodziyesa mnansi ndi wodziika kutali onse afuna cinthu cimodzi: kuti ndalama zicoke m'manja mwanu maso anu asanafike pa katundu.

Asaganize munthu kuti awa ndi masewera a anyamata osowa cocita cabe. M'mwezi wa Epulo 2024, a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi analowa m'nyumba ina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 pa mlandu wonyenga anthu pa intaneti. M'nyumbamo anapezamo ma SIM kadi opitirira 13,000, a muno ndi a maiko ena, pamodzi ndi makina obisa kumene woimba lamya ali. Anthu onyengedwawo ena anali kutali ku Singapore ndi ku Peru. M'mwezi wa Juni caka comweco, khoti linalamula alendo 22 ocokera ku China kukhala m'ndende zaka zoyambira 7 kufika 11. Nkhaniyi itiphunzitsa kuti kubisa malo ndi nchito imene anthu ena aigulira zida. Koma tisanamizane kuti onse ocita zotere ndi alendo. Amene alankhula ndi mlimi m'Cinyanja cosalala, nachula maina a misika yathu, kawiri-kawiri ndi mwana wa dziko lino.

Tsono tingamzindikire bwanji? Akulu anati safunsa anadya phula. Cida coyamba ndi funso. Munthu amene anena kuti ali ku Chipata mfunseni kuti sitolo yace iri mbali iti ya msika wa Kapata, iyang'anizana ndi ciani, ndipo munthu wotsika basi ayenda bwanji kuti afikepo. Wamalonda weni-weni amakondwa ndi funso lotere, cifukwa afuna kuti mumpeze. Wonama amayankha mozungulira, kapena amapsa mtima nati simumkhulupirira. Ndipo musamthandize yankho. Mukayamba ndinu kuchula dzina la sitolo yoyandikana nayo, iye angobvomera.

Caciwiri, yang'anitsitsani cithunzi, osati katundu yekha koma zimene ziri kumbuyo kwace. Nambala ya galimoto imene yaima pambali ndi ya dziko liti? Zikwangwani za masitolo zalembedwa m'cinenero canji? Mtengo wolembedwa pa katoni uli m'Makwacha kapena m'ndalama za kwina? Zithunzi zambiri za atambwali ndi zakuba kwa amalonda ena. Mwana wa sukulu wodziwa lamya angakuthandizeni kufufuza cithunzico pa Google Lens, ndipo mukapeza kuti njinga yamoto imodzimodziyo, yoima pa khoma limodzimodzilo, igulitsidwa m'matauni anai ndi maina anai, mlandu watha. Onaninso caka cimene wogulitsayo analowa pa Facebook. Munthu amene anena kuti wacita malonda zaka khumi, koma tsamba lace ndi la mwezi watha, ali ndi cimene abisa.

Cacitatu, mpempheni kuti akuimbireni lamya ya vidiyo ataima pa katunduyo, aonetse nkhope yace, khomo la sitolo ndi mseu wa panja. Kapena muuzeni alembe dzina la mudzi wanu ndi tsiku la lero pa pepala, aliike pa katunduyo, ajambule. Wonama adzati kamera inafa kapena netiweki ibvuta. Musakhutirenso ndi kacizindikiro ka mapu kamene atumiza pa WhatsApp, pakuti munthu angathe kuloza malo ali onse pa mapu ndi kuwatumiza monga ngati ndi pamene waima.

Cacinai ciri pa nthawi yolipira. Potumiza ndalama pa mobile money, lamya imaonetsa dzina la wolandira musanaike nambala yanu yacinsinsi. Werengani dzinalo modekha. Ngati mwakhala mukulankhula ndi mwamuna koma dzina laturuka la mkazi, kapena wogulitsa akuti ndi kampani koma nambala ndi ya munthu wamba, kapena nambala yolipirapo isintha tsiku ndi tsiku, imani pomwepo. Kampani yeni-yeni imakhala yolembetsedwa ku PACRA, iri ndi khomo lodziwika, ndipo imapereka risiti. Cithunzi ca citupa ca NRC cimene ena atumiza kuti muwakhulupirire cisakugonetseni tulo, pakuti cingakhale ca munthu wina amene anaberedwa kale.

Zizindikiro zonsezi ndi zothandiza, koma tambwali wocenjera angathe kudutsa zina mwa izo. Cimene sangathe kudutsa ndi munthu woima pakhomo. Ndiye cifukwa cace langizo lathu lalikulu ndi ili: pamene sipanafike diso, pasafike ndalama. Ngati wogulitsa akuti ali m'boma lanu, pitani masana, muli awiri, mukakumane pa malo a anthu ambiri, muone katundu, mumuyese, kenaka mulipire. Ngati akuti ali ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitirira 500 kucokera ku Chipata, kumbukirani kuti ndi midzi yocepa imene iribe mwana, mphwa kapena mkamwini mumzindamo. Mtumizireni ndalama ya minibasi akaone. Ndalama yocepa imeneyo ingapulumutse thukuta la caka conse. Ndipo wogulitsa akakutumizirani cithunzi ca katoni ndi risiti, nati katundu wakwera kale basi ku Intercity, musaimbe nambala ya kondakitala imene wakupatsani iye, cifukwa woyankhayo angakhale mnzace wokhala naye pa mphasa imodzi. Pitani nokha ku ofesi ya basiyo m'boma lanu mukafunse.

Mtengo wotsika kopitirira muyeso nawonso uyenera kutiopsa m'malo motikondweretsa. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 liri ndi mtengo wace wodziwika m'masitolo a boma liri lonse. Munthu amene aligulitsa pa theka la mtengowo, nawonjeza kuti mufulumire, watenga kuti fetelezayo? Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa iwo amene anagwa kale m'mbuna imeneyi, mau athu ndi akuti musabise. Tidziwa kuti manyazi ndi akulu, maka-maka kwa bambo amene anatumiza ndalama za banja osauza mkazi wace. Koma kukhala cete ndiko kudyetsa mbala, pakuti nambala imene inakuberani dzulo iri kuimbira mnansi wanu lero. Imbirani kampani ya lamya nthawi yomweyo, popeza ndalama zikatapidwa kuzibweza kumabvuta. Musafafanize mauthenga, zithunzi ndi nambala ya risiti ya mobile money. Pitani nazo ku polisi, ndipo nambala ya wonyengayo muinene ku ZICTA, kabungwe koyang'anira za malamya, potyapa *707#. Lamulo liri kumbali yanu. Gawo 309 la Penal Code linena kuti kutenga cuma ca munthu mwa bodza ndi mlandu wa zaka zitatu m'ndende, ndipo m'caka ca 2025 dziko linakhazikitsa lamulo latsopano la milandu ya pa intaneti, lochedwa Cyber Crimes Act, m'malo mwa lija la 2021. Cenjeraninso ndi munthu amene adzaimba pambuyo pace, nadzicha wa ku kampani ya lamya wofuna kukubwezerani ndalama. Akapempha nambala yanu yacinsinsi, dziwani kuti ndi fisi yemwe uja wabwerera mafupa.

Pali cinanso cimene cifunika kunena mosabisa. SIM kadi iri yonse m'dziko lino iyenera kulembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo atambwali safuna kulembetsa m'maina ao. Amafuna zitupa za anthu ena, maka-maka a kumidzi. Munthu wobwereketsa NRC yace kwa mlendo kaamba ka kandalama ka sopo adziwe kuti tsiku limene apolisi adzatsata nambala yakubayo, adzagogoda pa khomo lace.

Nchito yocenjeza anthu si ya boma lokha. Mafumu ndi anyakwawa aikepo mau pa misonkhano ya m'midzi nyengo ya malonda isanafike. Atsogoleri a makopaletivu, amene amasonkhetsa ndalama za alimi ambiri kuti agule katundu pamodzi, asalole kuti ndalama za gulu zitumizidwe kwa munthu amene palibe membala anamuona. Aphunzitsi ndi acinyamata odziwa lamya athandize makolo ao, ndipo makolo asacite manyazi kufunsa ana. Ogwira nchito m'tinyumba ta mobile money, poona nkhalamba itumiza ndalama zambiri ku nambala yacilendo lamya iri kukhutu, aifunse mwaulemu ngati imdziwa wolandirayo. A ZICTA ndi makampani a lamya aculukitse macenjezo pa mawailesi a m'maboma m'zinenero zimene anthu amva. Nawonso amalonda okhulupirika achule poyera pamene sitolo yao iri, ndi kulola wogula kutuma munthu wodzaona, pakuti mbala zikaculuka msika umafa kwa onse.

Makolo athu pogula ng'ombe anali kupita ku khola, naiyang'ana mano, naiyendetsa, nafunsa anansi ngati iridi ya wogulitsayo. Lamya yafupikitsa mtunda, koma siinacotse nzeru imeneyo. Munthu akati ali pafupi, pitani mukamuone. Akati ali kutali, tumani wanu akamuone. Akakana zonse ziwiri, sungani ndalama zanu.