Turbo pa pikapu yokalamba? Ine ayi

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a ku Lilongwe, Blantyre ndi ku Joni amene mumatilangiza pa WhatsApp, lero ndalemba yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge usiku.

Chaka chino aliyense amene wagulitsa bwino mbatatesi kapena soya, bola ali ndi kapikapu kake kakale, akuuzidwa mawu amodzimodzi: "Madala, ingomangitsani turbo, muzikwera Khwekhwelele ngati mukutsetsereka." Ine ndikukana, ndipo ndikukanira pano poyera. Wokwiya akwiye.

Poyamba ndivomere pamene a turbo akunena zoona, angati Chingerezi chandipita. Injini imapuma mpweya ngati ife tomwe. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300. Ndiye kuti Hilux yomwe ingasangalale ku Beira, kuno yasiya m'njira gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7 a mphamvu zake. Turbo imabweza zimenezo. Ndi kachitsulo ka mapiko awiri pa shafuti imodzi: utsi wotuluka mu injini umazunguza phiko limodzi, linalo n'kumakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukachuluka mumaonjezera dizilo, moto n'kukula. Mpaka apa palibe bodza.

Funso lomwe sakukufunsani ndi ili: moto waukuluwo ukayaka mu chiyani?

Injini yobadwa ndi turbo kufakitale anaikonzeratu. Anatsitsa kompuresheni, anaika mapisitoni opirira kutentha, oyilo amawaziziritsa kunsi kwake, pampu ya dizilo imadziwa kuonjezera mafuta pokhapokha mpweya ukachuluka, ladiyeta nayo ndi ya msinkhu wake. Tsono taonani zathuzi. Toyota 3L ya malita 2.8, yomwe ili m'mapikapu ambiri kunoku, imafinya kale mpweya ka 22 popanda wina kuikankhira. Yayenda zaka zoposa za mwana wanu woyamba. Maring'i anatha, mukatsegula pothira oyilo pamatuluka utsi ngati mbaula ya nkhuni zaziwisi. Imeneyo ndiye muiwonjezere moto? Ng'ombe yokalamba ikamalephera ngolo pachitunda, mlimi wanzeru amatsitsako matumba. Wopusa amakadula chikwapu chachitali, ndipo tsiku limenelo ng'ombe imakokadi, anthu n'kuombera m'manja. Mawa lake mudzi umadya nyama.

Ngakhale za turbo ya kufakitale zili ndi matenda ake. Funsani makaniko aliyense wodziwa ntchito za 2L-T ndi 2L-TE, akuuzani kuti zikangotenthedwa hedi imang'aluka. Ngati zopangidwa ndi mainjiniya, ndi zoyezera zawo zonse, zimatero, nanga yomangidwa pansi pa mtengo wa mango, mapaipi owotcherera ndi maso, pampu yopotokola mpaka utsi wakuda utuluke?

Utsi wakudawo anyamata amausangalalira, ati galimoto yakwiya. Amenewo ndi mafuta anu osapsa, ndiponso ndi chizindikiro chakuti mkati mwatentha mopyola. Mapisitoni ndi a aluminiyamu, chitsulo chonga cha mapoto athu, chomwe chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 660. Utsi wa dizilo yopatsidwa mafuta ochuluka, ikukwera chitunda ndi katundu, umatha kupitirira 700. Choipa kwambiri n'chakuti kageji ka pa dashibodi kamayeza madzi, osati utsi. Pomwe kakukwera kukuuzani, pisitoni yayamba kale kudyeka.

Kenako pali nkhani ya oyilo, ndipo apa tisanamizane, timadziwana. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, itangotsamira pa kaoyilo kopyapyala. Imafuna oyilo wabwino, wosintha pa nthawi yake. Ife oyilo wathu ndi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ndipo timasintha tikagulitsa mbewu, osati makilomita akakwana. Fyuluta ya mpweya timaichotsa n'kuimenyetsa pa tayala, ina inabooka kalekale. Fumbi la mu Okutobala likalowa pamenepo limadya mapiko aja ngati nankafumbwe. Dalaivala akafika pamsika atakwera phiri amazimitsa nthawi yomweyo kupulumutsa dizilo, pomwe turbo yotentha imafuna injini ilire kaye pang'ono kuti izizire; apo ayi oyilo amapserera mkati mwake. Ndipo masilo ake akatha, oyilo amalowera ku masilinda. Injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wake womwe n'kumathamanga yokha, mukazimitsa kiyi osamva, mpaka itanoka. Turbo zambiri zomwe mukuuzidwazi ndi zochotsa m'galimoto zakufa. Kunja zimawala, azitsuka ndi petulo. Chikomekome cha nkhuyu.

Koma chimene chandilembetsa si mapisitoni ayi. Ndi mabuleki.

Pikapu izi ndi za tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50. Ife timakweza 35, mwina kuposa, ndipo matumba a mbatatesi mukuwadziwa mmene timawasokera mitu. Pamwamba pa matumba pamakhala amayi athu opita kumsika ku Lizulu, ena ndi ana kumbuyo. Pakali pano chimene chimatiletsa kuonjezera katundu ndi injini yomweyo: imakana kukwera, mwini wake n'kutsitsako. Mukaipatsa mphamvu, ndani atsitse? Aonjezeranso matumba 10. Turbo sionjezera mabuleki, sionjezera kilatchi, masipuling'i kapena matayala. Ndipo msewu wotsikira ku Golomoti sufunsa kuti pansi pa boneti pali chiyani. Pamakona aja chofunika ndi kuima.

Inu achimwene a m'tauni, galimoto yanu ikafa mumaiimika pampanda, m'mawa n'kukwera minibasi. Kuno pikapu imodzi ndiyo ambulansi ya mayi woyembekezera pakati pa usiku, ndiyo yonyamula bokosi pamaliro, feteleza, njerwa za tchalitchi, ndi timu ya mpira. Ikagona miyezi inayi kudikira hedi ndi mapisitoni, sagona ndi njala mwini wake yekha. Kabichi amaolera m'dimba, mavenda n'kudzatigula pamtengo wachipongwe chifukwa akudziwa kuti tilibe potulukira. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya iliyonse mukuudziwa nokha. Ena ndalama ya turboyo akukatenga ku banki nkhonde. Ndiye ngongole yomangira, kenako ngongole ya ovaholo. Makaniko amene wakulangizani amadya kawiri konse.

Sindikunyoza amakaniko onse. Alipo amene amakuuzani zoona, ndipo mumawadziwa chifukwa amayamba ndi kuyeza kompuresheni asanatchule mtengo wa chilichonse. Pikapu zambiri zomwe tikuti zilibe mphamvu zikungodwala. Manozo sanayezedwe chigulireni, m'malo mopopera akungodontha. Taiming'i ya pampu inasuntha. Fyuluta ya dizilo yadzaza zinyalala za m'zigubu za nthawi ya kusowa kwa mafuta ija. Ladiyeta yatsekeka ndi madzi a pachitsime. Mabuleki ena akugwira okha, galimoto ikudzikoka yokha. Konzani zimenezi, ndalama yotsala mugule matayala ndi mashuzi a mabuleki, mudzadabwa kuti mphamvu zinabisala kuti. Ikakwera ndi giya thu, ikwere ndi giya thu. Msika suthawa.

Amene bizinesi yakuladi ndipo akufuna mphamvu zenizeni, njira ilipo: gulani injini yathunthu yobadwa ndi turbo, monga TD27T kwa a Nissan, ibwere ndi pampu yake ndi mapaipi ake, muike ladiyeta yoyenera, mukonze mabuleki, mukalembetse nambala ya injini ku Road Traffic. Ndi zodula, inde. Zikakukanikani ndiye kuti nthawi yake sinakwane, yendani maulendo awiri.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti ya msuweni wake anamanga ndipo ikuuluka. Mundiuze yatha nyengo zingati ikunyamula mbatatesi m'misewu yathu yafumbiyi, osati masabata angati pa tala. Ndipo inu amene mwapangana kale ndi makaniko Loweruka likubwerali, mutenge pepala ndi cholembera, pakhale ndi mboni. Alembe kuti hedi ikang'aluka kapena pisitoni ikabooka chaka chisanathe, agula ndi iye. Mudzatiuze ngati wasayina.