Ayi, si Constantine amene anapeka zoti Yesu ndi Mulungu

Kakanema kena kazungulira kwambiri m'magulu a WhatsApp amene ndilimo. Mkulu wina akulankhula motsindika kuti mfumu ya Roma, Constantine, inasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea m'chaka cha 325 n'kuwalamula kuti kuyambira tsikulo Yesu akhale Mulungu. Akuti inasankhanso mabuku a m'Baibulo. Anzanga ena angomeza nkhaniyo yonse, mpaka mmodzi wasiya kupita kutchalitchi. Ena akungotukwana osayankha kanthu.

Msonkhanowo unachitikadi, m'dziko limene lero ndi Turkey, ndipo anauitanitsa ndi Constantine yemweyo. Koma mkangano sunayambire kwa iye. Unabuka ku Alexandria, ku Egypt, kumene wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndi Atate, choncho inalipo nthawi imene Mwanayo kunalibe. Bishopu wake, Alexander, anakanitsitsa. Dziwaninso kuti Arius sankati Yesu ndi munthu wamba. Funso linali lakuti kodi Mwana ndi wofanana ndi Atate kapena ndi wocheperapo.

Kale cha m'ma 112, bwanamkubwa Pliny, yemwe sanali Mkhristu n'komwe, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amaimbira Khristu nyimbo ngati mulungu. Tertullian wa ku Carthage, ku Tunisia wa lero, anagwiritsa ntchito liwu lakuti trinitas, kutanthauza Utatu, zaka pafupifupi 100 msonkhanowo usanachitike. Za mabuku a m'Baibulo, ku Nicaea sanazikambe.

Nanga Constantine mwini wake? M'chaka cha 335 anathamangitsa Athanasius, amene ankateteza kwambiri zomwe anagwirizana ku Nicaea. Pofika 337, ali pafupi kumwalira, anabatizidwa ndi bishopu Eusebius wa ku Nicomedia, mnzake wa Arius. Munthu wopeka chiphunzitso angatero? Mfumuyi inkangofuna bata mu ufumu wake basi.

Komatu nafenso a mpingo tisadziyeretse. Liwu lachigiriki limene linamanga mfundo ku Nicaea, homoousios, loti Mwana ndi Atate ali ndi chikhalidwe chimodzi, m'Baibulo mulibe. Mabishopu anachita kulisankha atakangana zedi. Awiri a ku Libya amene anakana kusaina anathamangitsidwa limodzi ndi Arius, ndipo apa dzanja la boma likuoneka poyera. Phokoso linapitirira zaka zoposa 50, mpaka msonkhano wa ku Constantinople wa 381, umene unafotokozanso bwino za Mzimu Woyera.

Ine ndimakhulupirira Utatu, ndipo mbiriyi sindikuiopa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinaloweza Chikhulupiriro cha ku Nicaea ndili mwana, koma palibe mphunzitsi ngakhale mmodzi amene ananditchulirapo dzina la Arius. Mnzanga uja analimva koyamba pafoni, m'kakanema ka mphindi ziwiri. Atakafunsa mkulu wa mpingo wake, anangomuuza kuti asiye mafunso, azipemphera.