Cidole cingaseke atsogoleri, nanga wocigwira ndani?

Mu minibus ya ku Kaunda Square mulibe mtsogoleri amene sasekedwa. Kucokera pa Stage One, kudutsa pa Munali mpaka mu town, wina atengera kalankhulidwe ka nduna, wina malonjezo a khansala, kondakita naye aponyamo yake uku alandira ndalama. Tikatsika, nthabwalazo zitsala pa mpando. Anzathu a ku Kenya ndi ku South Africa anapeza njira yozifikitsa pa TV: anazipatsa zidole kuti zizilankhula.

Ku Kenya, mu 2009, wojambula makatuni Godfrey Mwampembwa, wodziwika kuti Gado, anayambitsa The XYZ Show. Anaumba zidole za labala zofanana ndi Mwai Kibaki ndi Raila Odinga, n'kumazikanganitsa pamaso pa dziko lonse. Nzeruyo anaitenga ku France, komwe Les Guignols de l'info inaseketsa anthu kuyambira 1988 mpaka 2018. Ku Britain nako Spitting Image inayamba mu 1984 ndipo sinasiye ngakhale Margaret Thatcher.

Cidole cili ndi mwayi umene munthu alibe. Mphuno mungaikulitse, mimba mungaifufumitse, woonera aliyense adziwa kuti ni sewero. Mtsogoleri akakwiya, amaoneka ngati mkulu amene akuyambana ndi nsanza. Zinacitikadi ku South Africa mu 2014: woimba Steve Hofmeyr anapita kukhoti kuti cidole cochedwa Chester Missing, ca wanthabwala Conrad Koch, cileke kumunena pa Twitter. Khoti linamukanira.

Ife nzeru iyi si yacilendo. Amene munapitako ku Kulamba, ku Mkaika mu Katete, mudziwa kuti Gule Wamkulu, ngakhale ni mwambo wolemekezeka osati sewero la pa TV, amadzudzula waulesi, wadama ndi wodzikuza kupyolera mu cigoba. Wovinayo sachulidwa dzina, mudzi wonse umamuteteza.

Apa m'pamene pagona nkhani. Pa TV wogwira cidole ali ndi dzina, ndipo station ili ndi laisensi.

Kumbukirani za Roy Clarke, wa danga la Kalaki mu nyuzipepala ya The Post. Mu January 2004 analemba nthano ya nyama za ku Mfuwe, momwe munali njovu yopusa ndi anyani. Boma la a Levy Mwanawasa linati nyamazo ni President ndi nduna zake, ndipo linalamula kuti acoke m'dziko. High Court inaletsa zimenezo, boma linacita apilo, ndipo mlanduwo unatha mu 2008 pa Supreme Court. Zaka zinayi munthu ali m'makhoti cifukwa ca njovu ya papepala.

Ma station nawo anaonapo zakuda. Mu August 2016 bungwe la IBA linaimitsa Muvi TV ndi Komboni Radio, ndipo mu April 2020 linalanda laisensi ya Prime TV. Zifukwa zinali zina, sizinali zidole, koma mwini station aliyense anatolapo phunziro. Mukamupititsira cidole ca nkhope ya nduna, coyamba aganiza za laisensi, caciwiri za makampani omwe amalipira ma advert.

Zina zinasinthako. Mu December 2022 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa Section 69 ya Penal Code, imene inkamangitsa munthu mpaka zaka zitatu cifukwa conyoza President. Koma mu April 2025 kunabwera Cyber Crimes Act, ndipo a Law Association of Zambia ndi ena anadandaula kuti lamuloli lingatseke anthu pakamwa pa intaneti. Izi zikhudza zidole mwacindunji, cifukwa TV ikakana, kothawira ni pa foni. Ku South Africa, SABC itakana kuonetsa ZANews ya Zapiro ndi Thierry Cassuto, pulogalamuyo inayambira pa intaneti mu 2009, kenako n'kufika pa TV. Manje ngati pa Facebook napo pali mantha, cidole cikavinira kuti?

Palinso za ndalama. Cidole cimodzi cifuna woumba, wosoka, wotengera mawu, wolemba nthabwala, ndiponso anthu awiri ocigwira, wina mutu ndi pakamwa, wina manja. Imeneyo ni nchito ya acinyamata ambiri. Otengera mawu tili nawo kale, mumawamva pa wailesi ndi pa TikTok.

Ena akuti zidole ziwonjezera cipongwe ndi kusankhana mitundu, makamaka nthawi ya masankho. Nkhawayo ni yomveka. Cidole coseka mtundu wa munthu kapena cilema cake n'cacabecabe, ndipo ife oonera ndife oyamba kucikana. Koma cofunsa za mtengo wa unga, malodi shedi'ng ndi ngalande zosefukira mvula ikagwa, cimanena zomwe basi yonse inanena kale m'mawa.

Boma lililonse limati kuno kuli ufulu wolankhula. Njira yoyesera ilipo, ndipo siidula: station imodzi ionetse cidole ca wolamula ndi ca wotsutsa pa mpando umodzi Cisanu madzulo. Lolemba tidzaone ngati station ikali kuyaka ndipo wogwira cidole anagona kunyumba kwake.