Paul Simon analipira ganyu, munda n'kulemba m'dzina lake

Mkanganowu unayambira pakhonde pa a malume anga Loweruka lapitali, ndipo mpaka lero sunandichoke m'mutu. A malume anakhala ku Joni zaka zambiri. Mwa katundu yense amene anabwera naye, chimene amachisamala ngati dzira ndi kaseti ya Graceland, chimbale cha Paul Simon. Wailesi yoimbira kasetiyo inafa kalekale, koma iyo ikadali m'kabati limodzi ndi mapepala a ukwati. Tsikulo ndinawaikira "You Can Call Me Al" pafoni. Nkhope yawo inawala, phazi n'kuyamba kugunda pansi. Mnzanga amene ndinapita naye, yemwe tinaphunzira limodzi ku yunivesite, anangophulika: "A malume, mukuvinira mbavatu apa."

A malume anamuyang'ana kaye osayankha. Kenako anati, "Mwanawe, mzungu ameneyu ndi amene anachititsa kuti dziko lonse limve Ladysmith Black Mambazo. Nthawi imeneyo iwe unali kuti?"

Anakokana mpaka tiyi anazizira. Wina akuti mbava, wina akuti mpulumutsi. Ine ndinakhala chete chifukwa pamaso pa a malume sumangoyankhula zilizonse, koma pano ndi pakhomo panga, ndiye ndinene: onse awiri akuphonya. Mlandu wa Paul Simon ulipo ndithu, koma uli pamalo ena, ndipo ndi mlandu umene ukutikhudza ife mpaka lero.

Kwa amene simukumudziwa, Simon ndi woimba wa ku New York, wobadwa mu 1941. Anatchuka m'ma 1960 ali ndi mnzake Art Garfunkel, ndipo nyimbo ngati "The Sound of Silence", "Mrs. Robinson" ndi "Bridge over Troubled Water" analemba ndi iye. Pofika 1984 zinthu zinali zitamutembenukira. Chimbale chake cha Hearts and Bones sichinagulidwe bwino, banja lake ndi Carrie Fisher linali litatha. Woimba mnzake, Heidi Berg, anamubwereka kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku South Africa, ndipo Simon anangoti kakasi. Mu February 1985 anakwera ndege kupita ku Johannesburg, n'kukhala pafupifupi milungu iwiri mu situdiyo ya Ovation akujambula ndi oimba akuda. Chimbale chinatuluka mu August 1986, n'kupata mphoto ya Grammy ya chimbale chapamwamba cha chakacho.

Tiyambe ndi mlandu umene mnzanga uja amaukonda. Mu 1980 bungwe la United Nations linapempha oimba ndi aluso onse kuti anyanyale South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Simon anapita ngakhale zinali choncho. Harry Belafonte anamulangiza kuti ayambe wakambirana ndi a ANC, koma iye sanatero. Atafika ku London mu 1987 kukaimba ku Royal Albert Hall, anapeza anthu akuchita zionetsero panja, ndipo gulu la Artists Against Apartheid, momwe munali Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo, linamudzudzula poyera. Sindikunyoza mkwiyo umenewu. Kunyanyala kumagwira ntchito ngati palibe wodzisankhira yekha kuti iye lamulo silikumukhudza. Ana ankaomberedwa m'misewu ya ku Soweto, ndipo munthu wolemera wa ku America anaganiza kuti luso lake silifunika kupempha chilolezo kwa aliyense. Kumeneko kunali kudzikuza, basi.

Komabe, taonani mbali inayi. Simon sanaimbire azungu a ku South Africa, ndipo anali atakana kale kukaimba ku Sun City, kumene oimba ena ankakatola ndalama zankhaninkhani. Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, anthu amene tsankho linawathamangitsa kwawo kwa zaka zoposa 20, anakwera naye pasiteji paulendo wonse wa Graceland. Mu February 1987 anaimba naye ku Rufaro Stadium ku Harare, Masekela akuimba nyimbo yofuna kuti Mandela atulutsidwe m'ndende. Ngati eni maliro anagawanika pankhaniyi, ine wobadwa tsankho litatha kale ndine ndani kuti ndiigamule? Komanso ife Amalawi tizichepetsako mawu tikafika apa. Boma la Kamuzu linakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, Kamuzu mwini wake anakacheza kumeneko mu 1971, ndipo likulu lathu la Lilongwe linamangidwa ndi thandizo la ngongole yochokera ku Pretoria. Aise, ukamaloza chala woimba chifukwa cha milungu iwiri ya mu situdiyo, uziyamba wayang'ana msewu umene waimapo.

Ndiye a malume apambana? Ayi ndithu.

A malume amanena zoona kuti Simon analipira bwino. Oimba a ku Johannesburg anawapatsa ndalama yoposa katatu imene oimba a mu situdiyo ankalandira ku New York pa ola limodzi. N'zoonanso kuti anatsogolera kujambula chimbale cha Ladysmith Black Mambazo chotchedwa Shaka Zulu, chimene chinapata Grammy mu 1988. Koma aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kusiyana kwa ganyu ndi munda. Waganyu ngakhale umupatse katatu, dzuwa likalowa zake zatha. Mwini munda amakolola chaka chino, chaka chamawa, mpaka zidzukulu zake. Mu nyimbo, munda ndi dzina limene lalembedwa kuti ndiye mlembi. Nyimbo ikalira pawailesi, mu filimu, pa Spotify, kapena wina akaiimbanso, ndalama ya umwini imatsata dzina limenelo.

Tsono tiwerenge. Graceland ili ndi nyimbo 11. Pa nyimbo 5 Simon anagawana umwini ndi oimba a kum'mwera kwa Africa: Forere Motloheloa wa ku Lesotho, woimba akodiyoni, pa "The Boy in the Bubble", General M.D. Shirinda pa "I Know What I Know". Lulu Masilela ndi Jonhjon Mkhalali pa "Gumboots". Joseph Shabalala pa "Homeless" ndi "Diamonds on the Soles of Her Shoes". Apa ndimuyamikire, ambiri a nthawi yake sakanachita ngakhale zimenezi. Koma nyimbo imene inatchuka kuposa zonse, "You Can Call Me Al", ndi nyimbo imene inapereka dzina ku chimbale chonse, "Graceland", zalembedwa m'dzina la Simon yekha. Ndipo pa nyimbo ziwiri zonsezi gitala anaimba ndi munthu mmodzi, Ray Phiri.

Dzinalo lisakudutseni. Raymond Chikapa Enock Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela, anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, ndipo anakulira m'manja mwa bambo wochokera ku Malawi amenenso ankaimba gitala. Ndi mwana wa njira yomweyo imene a malume anayenda. Pachimbalepo analembedwa ngati woimba gitala ndi wothandiza kukonza maimbidwe a nyimbo zina. Pa mndandanda wa alembi dzina lake mulibe. Patapita zaka, Phiri ananena poyera kuti sanakhutire ndi mmene nkhani ya umwini inayendera. Anamwalira mu July 2017 zinthu zili chomwecho.

Mwina mukuti, nanga woimba gitala akhala bwanji mlembi? Mvetserani mmene chimbalechi chinapangidwira. Simon sanapite ku Johannesburg ndi nyimbo zolembalemba. Ankauza oimba kuti azingoimba, iye akumvetsera, Roy Halee akujambula. Matepiwo anapita nawo ku New York, anawadula ndi kuwalumikiza, ndipo pambuyo pake ndi pamene Simon anaikapo chuni ndi mawu. Ndiye kuti nyumba inayamba kumangidwa ndi gitala, besi ndi ng'oma, denga n'kubwera pomaliza. Simon mwini wake wakhala akusimba kuti pojambula "Graceland", Phiri anaikamo kamvekedwe kena kachisoni kamene sikamveka kawirikawiri mu nyimbo za mbaqanga, ndipo atamufunsa chifukwa chake, Phiri anati akutsanzira mmene Simon amapekera nyimbo. Abale, munthu amene akusankha kumene nyimbo ikhotere, akuganizira ngakhale kalembedwe ka mnzake, mukuti ndi waganyu? Ameneyo akupeka nyimbo.

Chimodzimodzi Bakithi Kumalo. Funsani aliyense chimene amadikira mu "You Can Call Me Al", akuuzani kuti ndi pamene zida zonse zimakhala chete, besi n'kuthamanga yokha. Theka loyamba anaimba ndi Kumalo, theka lachiwiri ndi tepi yomweyo yoseweredwa chobwerera m'mbuyo. Koma mu kanema wa nyimboyi muli anthu awiri okha, Simon ndi wanthabwala Chevy Chase. Dziko lonse linavina besi ya mnyamata wa ku Soweto osaona nkhope yake.

Oikira kumbuyo Simon amathamangira ku lamulo. Amati lamulo la umwini limawerengera chuni ndi mawu, zinazo ndi zokometsera chabe. Chabwino, koma lamulo limenelo linachokera kuti? Linakulira ku Ulaya, kumene nyimbo inkalembedwa papepala ndi munthu mmodzi, oimba n'kumangowerenga. Kwathu kuno sizitero. Nyimbo ya Daniel Kachamba umaizindikira gitala ikangoyamba, mawu asanatuluke. Kumadansi anthu amadzuka pamipando chifukwa cha besi. Ngati Simon anakopeka ndi nyimbo za ku Africa chifukwa chakuti moyo wake uli m'zida, sangatembenuke pogawana phindu n'kunena kuti zida ndi zokometsera. Walira mvula walira matope.

Chimene chimandipweteka n'chakuti aka sikanali koyamba. "Scarborough Fair" ndi nyimbo yakale ya ku England, koma kaimbidwe kake pagitala Simon anaphunzira kwa Martin Carthy ali ku London. Chimbale cha 1966 chitatuluka, dzina la Carthy panalibe, ndipo awiriwa anadzagwirizana mu 2000. "El Cóndor Pasa" anaiyesa nyimbo yamakolo yopanda mwini, chikhalirecho anaipeka ndi Daniel Alomía Robles wa ku Peru mu 1913, ndipo zinatengera mwana wake kupita kukhoti kuti dzinalo lilembedwe. Pa Graceland pomwepo, a gulu la Los Lobos la ku Los Angeles akhala akunena kuti nyimbo yomaliza pachimbalecho inachokera kwa iwo, ngakhale Simon amakana. Nkhani iliyonse payokha ili ndi chowiringula chake. Koma mbuzi ikapezeka m'munda wa eni kanayi, sitinenanso kuti chingwe chinaduka mwangozi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Simon ndi wopanda luso amene anangokwera pamsana pa anzake. Mawu a "The Boy in the Bubble", osakaniza mabomba ndi zodabwitsa za sayansi, palibe wina akanawalemba. "Graceland" ndi nyimbo ya bambo amene banja lake latha, ali paulendo ndi mwana wake kupita kunyumba ya Elvis Presley ku Memphis, ndipo imandigwira mtima nthawi iliyonse. Khutu lake lodziwa kuti ichi chigwirizana ndi icho ndi mphatso yeniyeni. N'chifukwa chake mawu oti mbava ndikuwakana. Mbava imabwera usiku. Uyu anabwera masana, anapereka moni, analipira, mayina ena analemba. Vuto ndi lakuti cholembera chinali m'manja mwake yekha, ndipo ndi iye amene ankasankha kuti uyu ndi mlembi mnzanga, uyu ndi waganyu. Oimba okhala pansi pa malamulo a mapasi, amene mwayi wotuluka kunja unkabwera kamodzi pamoyo, akanakana bwanji?

Mu 2021 Simon anagulitsa umwini wa nyimbo zake ku kampani ya Sony Music Publishing. Chimene chinagulitsidwa pamenepo si mawu ake apakhosi kapena maola a mu situdiyo. Ndi munda uja. Aliyense amene dzina lake linatsala pa mndandanda wa oimba zida analibe choti agulitse.

Ndikulemba zonsezi chifukwa nkhaniyi sinathere mu 1986. Ndili ndi mnzanga woimba gitala amene amaitanidwa m'masitudiyo a mutauni muno. Amafika, amamvera chuni chosalongosoka, amapeka kagitala kamene kamadzakhala chizindikiro cha nyimbo yonse, amalandira ya thiransipoti ndi ya ndiwo, n'kumapita. Nyimboyo ikamalira m'maminibasi onse, pokalembetsa umwini dzina lake silitchulidwa. Amene amamuchita zimenezi si mzungu wa ku New York. Ndi Mmalawi mnzake, amene mwina madzulo amakhala nafe n'kumatukwana Paul Simon kuti anabera Africa. Pamenepa ndi pamene mnzanga wa ku yunivesite uja amandikwiyitsa. Kukalipira mlendo wakutali n'kosavuta, ndipo sikusintha kanthu. Kufunsa woimba amene timamwa naye kuti gitala ija anaimba ndani, ndipo analembedwa pati, kumeneko ndiye kumafuna mtima.

Ndikadzapitanso kwa a malume ndidzawaikira nyimbo yawo ija, ndipo ndidzavina nawo, chifukwa ndi yokoma ndipo kunama sindingathe. Koma ndidzawapempha atulutse kaseti m'kabati, titambasule kapepala ka m'kati, tiwerenge mayina ang'onoang'ono aja limodzi. Ndikufuna ndione nkhope yawo akadzafika pa dzina loti Phiri.