Pulinta yakana kumva? Funsani kaye nambala ya benchi

Abale anga a pamsika, sabata ino ndicheze ndi inu a timashopu ta fotokope ndi zotayipa, komanso inu a hadiweya amene kasitomala sachoka opanda invoisi kapena kotesheni. Nkhani yake ndi ya pulinta imene dzulo imagwira bwinobwino, koma lero mukadina Print yangoti duu, kompyuta ikunena kuti Offline. Pakhomo pali mzere wa anyamata ofuna ma CV, wina watopa kale wapita kwa neba. Imeneyo ndi ndalama yapita, eti?

Ambiri zikatere amathamangira kwa mmisiri. Ena mwa amisiriwa ndi achilungamo ndithu, koma ena amangofikira kunena kuti "bwana, Windows yafa, tiikemo ina." Mulipira zambiri, mafayilo a makasitomala afufutika, magetsi akadzathimanso vuto lija labwerera. Chonsecho nthenda yake kawirikawiri ndi yaing'ono: pulinta yasintha adiresi basi.

Tamverani. Pamene kompyuta ndi pulinta zimalankhulana kudzera pa rauta, rautayo ili ngati mkulu wa msika wogawa mabenchi. Chipangizo chilichonse imachipatsa nambala yotchedwa IP address, monga 192.168.1.20. Nambalayi ndi yobwereka. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta ikhoza kupatsa pulinta benchi ina, tinene 192.168.1.35, koma kompyuta n'kumatumizabe ntchito ku benchi yakale kumene kulibe munthu.

Ndiye muchite chiyani? Yambani ndi zooneka ndi maso. Ngati pulinta yanu ndi ya waya, onani kumbuyo polowera wayapo ngati tinyali tikuphethira. Ngati tazima, zulani wayayo mubwezeretse mpaka alire kuti khethe, kapena yesani wina, paja makoswe a mumsika sasankha chotafuna. Mukatero zimitsani zonse. Yatsani rauta yokha, dikirani mphindi ziwiri, kenako pulinta, kompyuta pomaliza. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.

Ngati ndi ya Wi-Fi, onetsetsani kuti zonse zili pa netiweki imodzi. Mwina mwana wa pashopu analumikiza kompyuta ku hotspot ya foni yake kuti aonere mpira, pomwe pulinta idakali pa rauta. Zimenezo zili ngati wina ali ku Limbe mnzake ku Ndirande, angamvane bwanji? Dziwaninso kuti mapulinta ambiri amangogwira Wi-Fi ya 2.4 GHz, ya 5 GHz saiona n'komwe.

Zikakanikabe, funsani pulintayo nambala yake. Pa mabatani ake pezani Network kapena Reports, isindikize pepala loonetsa IP address. Nambala ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse benchi, bwererani ku waya kapena pasiwedi ya Wi-Fi. Ikakhala yabwino, pitani pa kompyuta, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, Enter. Pa bokosi lakudalo lembani ipconfig. M'maofesi ang'onoang'ono, magawo atatu oyamba a nambala ya kompyuta ayenera kufanana ndi a pulinta. Kenako lembani ping, siyani kampata, lembani nambala ya pulinta ija. Mukaona Request timed out kapena Destination host unreachable, njira ndi yoduka. Mukaona mizere ya bytes ndi time, pulinta ili moyo, kompyuta ndiyo yasochera. Ichotseni pulintayo pa Printers & scanners, muiikenso pogwiritsa ntchito nambala yatsopanoyo.

Pali kenanso. Nthawi zina ntchito imodzi imakakamira pamzere n'kutsekera zinzake zonse, ngati lole yofera pa mlatho. Tsegulani mzere wa pulinta mufufute zonse zodikira. Zikakana kuchoka, Windows ndi R kachiwiri, lembani services.msc, pezani Print Spooler, dinani Restart.

Tsono mankhwala enieni ndi awa: pulinta ikhale ndi benchi yakeyake yosasintha. Mu rauta muli malo otchedwa DHCP reservation kapena Address Reservation ochitira zimenezi. Apa ndiye pofunika kulipira mmisiri, kamodzi kokha. Akamaliza, lembani nambalayo pa kapepala mumate pa pulinta pomwepo kuti aliyense wa pashopu aziiona.

Ndipo mmisiri akabwera, imani pambali pake muzifunsa chimene akuchita, safunsa anadya phula. Akanena za kuikamo Windows ina, mufunseni ngati wayesa ping, ndipo asakhudze kanthu mafayilo anu asanakoperedwe pa fulashi. Makinawo munagula ndi thukuta lanu, musamawaope.

Malonda abwino, tikumane sabata yamawa.